Zipi ya Mayi Wopanda Mutu

Achemwali anga okondedwa,

Landirani moni m'dzina la Ambuye amene akutisunga tonse, inu uko ndi ife kuno. Kaya muli bwanji? Nanga msana uja wasiya kukuvutani? Ndimakudandaulirani ndikaganiza kuti tsiku lonse mumakhalira kunyamula okalamba kuntchito kwanuko, pomwe inunso simuli mtsikana. Ife kuno tili bwino. Ntchito yosoka ikubwera, makamaka mayunifolomu a sukulu, ndipo makina munandisiyira aja akuyendabe, kungoti lamba wake wayamba kulira ngati kamwana ka mbuzi.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumandiposa pakamwa. Tsiku lija munalankhula nokha, ine kumangoti eya, eya, mpaka munadula. Lero mundimvere mpaka kumapeto, kenako muweruze.

Zimene anthu anakuuzani n'zoona. Mwana wanu Kabatani anaonera filimu yoopsa m'nyumba mwanga. Sindinaiwale kuti tsiku lonyamuka munandigwira dzanja n'kunena kuti mwanayu ndi wamantha ngati malemu bambo ake, asadzaonere zoopsa kufikira atakula. Ndinalonjeza, ndipo ndalephera kusunga lonjezolo.

Linali Loweruka masana. Ndinapita kokonzekera nyimbo za kwaya, foni n'kuisiya pamoto. Mwana wanga uja, amene masiku ano timamutcha Jenerali chifukwa chiyambire kusintha mawu amadziyesa bambo wa pakhomo, anali atalandira filimu kwa mnzake. Poyambirira pake pamaoneka nambala 18 m'kabwalo kofiira. Kabatani atafunsa tanthauzo lake, Jenerali anamuuza kuti imeneyo ndi nambala ya mphindi, filimuyo ndi yaifupi. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu akanatsutsa bwanji mkulu wake wa zaka khumi ndi zinayi?

M'filimumo muli mayi wovala diresi lakuda lofika pansi, wopanda mutu, amene amayendayenda m'makonde a nyumba kufunafuna mutu wake.

Tsono kumbukirani mmene nyumba yathu ilili. Chipinda chili kuseri kwa shopu, khomo lotulukira ndi limodzi, ndipo pafupi ndi khomolo pamaima Adona, chidole chachikulu chija ndimavekapo madiresi kuti odutsa aziona pazenera. Adona alibe mutu, achemwali. Zaka zonsezi palibe anaganizapo kanthu. Kabatani ndiye anali mnzawo weniweni, ankawapatsa moni m'mawa ndi kuwauza miseche ya kusukulu akaweruka.

Lolemba m'mawa ndinamupeza ataima pakatani yolekanitsa chipinda ndi shopu, yunifolomu atavala, chikwama kumsana, miyendo itakana. Ndinamukalipira, osatheka. Ndinamunyengerera, osathekanso. Mapeto ake ndinamubereka, mtsikana wamkulu chonchija, iye atatsinzina, mpaka kumutula pamsewu. Mawa lake chimodzimodzi. Anasiya kudya bwino, anayambanso kunyowetsa pogona, ndipo aphunzitsi ake anandiitana kuti mwana akungosinza m'kalasi.

Apa ndiulule. Tsiku lija munaimba foni ine n'kunena kuti Kabatani ali kosamba, sanali kosamba. Anali pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, akulira. Ndinakunamizani chifukwa cha manyazi. Kwa Mulungu ndinapepesa kale, kwatsala kwa inu.

Musaganize kuti ndinangopinda manja. Ndinapemphera, ndinasala kudya. Kenako ndinachita chinthu chopusa, ndinatenga nsalu yoyera yofunda n'kuphimba Adona kuti mwana asawaone. Achemwali, chinthu chopanda mutu ukachifunditsa nsalu yoyera chimaoneka bwanji? Kukuwa kumene anakuwa Kabatani kunabweretsa wowotcherera zitsulo wa khomo loyandikana nafe, hamala ili m'manja, akufunsa kuti wakubayo walowera kuti.

Ndinapita naye kwa abusa. Anamupempherera, kenako anandiitanira pambali n'kundifunsa ngati ine ndikudziwa chimene mwanayo anaona. Ndinati Mulungu andiletse, ine zimenezo sindionera. Iwo anati nanga ndilimbana bwanji ndi chinthu chimene mwana akuchidziwa, ine osachidziwa? Ndinabwerako nditakwiya nawo pang'ono, ndisabise.

Sabata yomweyo ndi pamene munaimba n'kunena kuti sukulu ikatsekera, azakhali ake adzabwera kudzamutenga kuti azikakhala kwawo. Nditachoka pafoni ndinakhala pamakina, koma ulusi unakana kulowa pasingano. Mwana amene munandisiyira asanathe kumanga zingwe za nsapato, amene amanditolera mabatani ogwa pansi mpaka dzina lake linachokera pomwepo, azichoka m'manja mwanga atabereka mantha? Ndinati ayi.

Ndiye nachi chachiwiri choulula, ndipo amayi a kwaya asachimve. Ine, amene ndimalangiza achinyamata kutchalitchi za kuipa kwa zinthu zimenezi, ndinaonera filimuyo. Ndinasankha dzuwa lili pamutu, Kabatani ali kusukulu, chitseko chili chotsegula, Baibulo lili pamiyendo. Jenerali, amene tsikulo sanapite kusukulu, ndinamulamula kuti agwire foniyo monga chilango chake.

Poyamba ndinaopa ndithu. Kapilo kobayapo mapini ndinakafinya mpaka kundilasa m'dzanja. Koma mayi uja atatembenuka chammbali pafupi ndi nyale, mantha anayamba kuchepa, utelala n'kudzuka. Ndinauza Jenerali kuti aimitse pomwepo.

Achemwali, inu mukudziwa kuti ine munthu ndimamuyeza ndi maso asanakhale n'komwe pansi. Kuchokera paphewa kufika pachigongono panali patali moti palibe munthu wolengedwa chotero. Manja amayambira pamene payenera kukhala nthiti. Pachifuwa anasokererapo kalesi kakuda, kansalu ka timabowo kaja, ndipo kuseri kwa kalesiko kumanyezimira timaso ta munthu. Mutu umene amaufunafunawo unali momwemo, m'kati mwa diresi, mapewa aja ndi ongopanga!

Ndinati apitirize pang'ono. Mayi uja atapereka msana, ndinaiona. Zipi. Yokhota, yokwinyika m'munsi, yosokedwa ndi munthu wothamangira kukadya. Wophunzira wanga atandibweretsera zipi yotere ndingamuuze asomole ayambirenso. Ndinaseka mpaka misozi, Jenerali n'kumandifunsa ngati ndili bwinobwino.

Pamenepo ndinamuyang'anitsitsa. Jenerali wathu, mkulu wa asilikali, maso anali kukhoma, sanali kuyang'ana n'komwe. Nditamupanikiza anavomera kuti chionereni filimuyo nayenso sapita yekha kubafa kukada, ndipo mphasa yake wakhala akuisendeza pang'onopang'ono kufupi ndi bedi langa. Ine ndinkayesa kuti akuthawa mphepo ya pakhomo.

Kabatani sindinamuonetsenso filimuyo, musadandaule. Ndinamuonetsa chithunzi chimodzi chokha, cha kumsana, chala changa chachikulu chitaphimba pakhosi. Ndinamuuza kuti pali kasitomala wabweretsa dandaulo, andithandize kuona cholakwika. Anayang'ana ndi diso limodzi, linalo atatsinzina. Patapita kanthawi anati, amayi aang'ono, zipi imeneyi yakhota.

Ndinamufunsa ngati anamvapo kuti mizukwa imapita kwa telala kukayezetsa. Iye anandifunsa kuti nanga poti zipiyo ili kumsana, amamutsekera ndani? Ndinati mwina mnzake wa kuntchito, akatha kumwa tiyi. Anaseka pang'ono, kuseka koyamba chichitikire zonsezi.

Ndinamuuza kuti ife tingasoke diresi labwino kuposa limenelo, koma ndikufunika muyezo wa mapewa a Adona, ndipo ine manja atanganidwa. Ndinamukoleka tepi yoyezera m'khosi n'kukhala pamakina, kumupatsa msana.

Anaima pakatani paja. Ine ndinkapalasa makina ndikupemphera chamumtima kuti Ambuye, Inu munati alekeni ana adze kwa Ine, muyendetseni uyu masitepe ochepa okhawa. Ndinamva phazi limodzi, kenako lina. Kenako kamawu kakunditchulira muyezo. Kenako ndinamumva akunong'oneza Adona kuti amukhululukire posawapatsa moni masiku onsewa, sikuti anawada. Nditayang'ana pansi ndinapeza kuti nthawi yonseyo ndimapalasa makina opanda nsalu.

Tinalisoka diresilo masana angapo akaweruka kusukulu. Mapewa tinapanga ndi hang'ala ndi siponji ya khushoni yakale, nsalu yakuda inali yotsala pa mikanjo ya kwaya, kalesi ka pachifuwa tinadula ku diresi limene mwini wake sanabwerenso kudzatenga. Mabatani anasokerera yekha. Zipi tinaika limodzi, iye akugwira nsalu, ndipo inatuluka yowongoka ngati rula. Cholinga cha Kabatani chinali chimodzi, kubwezera Jenerali.

Tsono mverani mmene Mulungu amakonzera zinthu. Loweruka lotsatira kutsekera kwa sukulu ndinatuma Jenerali kukagula ulusi, Kabatani n'kuvala diresi lija n'kubisala kuseri kwa katani kumudikira. Ine sindinkadziwa kuti azakhali ake asankha tsiku lomwelo. Ndinangoona alowa, chikwama chachikulu chonyamuliramo zovala za mwana chili m'manja, nkhope ngati ya woweruza milandu. Asanakhale n'komwe pansi anayamba kunena kuti amva zonse, mwana wa mchimwene wawo akuonongeka m'nyumba muno.

Kabatani m'kati mwa diresi samamva bwino. Anangomva kuti munthu walowa, n'kuyesa kuti ndi Jenerali. Katani inatseguka, ndipo chinatuluka chinthu chakuda chopanda mutu, manja chitatambasula.

Achemwali, mumawadziwa azakhali aja, mayi amene amakalipira makondakitala mpaka iwo kupepesa. Anaponya chikwama m'mwamba, anaitana Yesu ndi mayina ake onse, n'kutuluka liwiro nsapato imodzi kutsala pakhomo. Anakabisala kumbuyo kwa wowotcherera zitsulo uja. Jenerali, amene amafika kumene, sanafunse n'komwe, anataya ulusi n'kuwatsatira. Ndipo chopanda mutu chija chinali pambuyo pawo chikufuula ndi kamawu kakang'ono kuti azakhali musathawe, ndine, taonani zipi! Chinafika pakati pa msewu n'kutembenuka kuwaonetsa msana.

Msewu wonse unagwa ndi phwete. Wowotcherera anati akhululukidwe, lero sagwiranso ntchito, manja afooka ndi kuseka. Ndinatsegula zipi ija pamaso pa onse, Kabatani n'kutulukamo thukuta lili kamukamu, akuseka mano onse panja.

Azakhali titawapatsa madzi ndi nsapato yawo, anayamba atikalipira tonse, kunena kuti nyumba ino ndi ya amisala ndipo mtima wawo ukanaima tikanayankha mlandu. Kenako nawonso kuseka kunawapeza. Anandifunsa kuti nanga mwana wodwala mantha amene anatumidwa kudzatenga uja ali kuti, poti amene akumuona apayu ndi wodwalitsa ena. Anamwa tiyi, anayezetsa diresi, Kabatani ndiye anagwira tepi. Pochoka ananyamula chikwama chawo chopanda kanthu, n'kunena kuti mawu omaliza ndi a mayi wake, koma iwo sangachotse mwana pamalo pamene wachirira.

Musaganize kuti tsopano ndikuti mafilimu amenewa ndi abwino kwa ana. Ayi ndithu. Nambala ija sanaiike pachabe. Zaka zisanu ndi zitatu n'zochepa, ndipo ndaona ndi maso anga kuti khumi ndi zinayi n'zochepanso, ngakhale mwini wake alankhule ndi mawu aakulu. Si choopsa chilichonse chimene chili ndi zipi yoti mwana n'kuiona. Ife Mulungu anangotichitira chifundo, anagwiritsa ntchito chimene ndinali nacho m'manja.

Lamulo la m'nyumba muno tsopano ndi lakuti nambala ikaposa zaka zako, filimuyo si yako, ndipo ngakhale isapose, ndiyambe ndaiona ine. Foni ndaitseka ndi nambala yachinsinsi. Jenerali sanatsutse ngakhale pang'ono, ndikuganiza kuti mumtima anathokoza. Kabatani akuti adikira mpaka akwanitse zaka 18, ndipo akadzaonera adzakhala ndi choko m'manja kuti azidzachonga zolakwika za telala wawo.

Tsono pempho langa ndi ili, achemwali. Ndisiyireni mwanayu. Akudya, akugona, pogona pake pakuuma, ndipo m'mawa uliwonse amadutsa yekha m'shopu n'kupatsa Adona moni. Ndinalakwa kusiya foni, ndinalakwa kukunamizani, ndipo zimenezo sindidzabwerezanso. Mukaumirira kuti apite kwa azakhali ake sindikana, ndi wa m'mimba mwanu. Koma muyambe mwalankhula naye, mumve mmene mawu ake akumvekera.

Mu envulopu muno ndaikamo kansalu kamene wasokererapo zipi yekha, popanda dzanja langa. Muiyang'ane bwino, muone ngati limenelo ndi dzanja la mwana wonjenjemera.

Mundiperekere moni kwa anzanu a kuntchito ndi kwa mayi mukhala nawo nyumba aja. Jenerali akupereka moni mwaulemu kwambiri, masiku ano ulemu wamuchulukira. Ambuye akudalitseni, akulimbitseni msana, ndipo akufewetseni mtima pamene mukuwerenga.

Kabatani waima pambali pangapa. Akuti ndikuuzeni kuti mukadzabwera mudzamupeza pompano, pashopu pano, ndipo mudzavale nsapato zomanga ndi zingwe.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Telala wa pakhomo panu