Kasitomala Wanga Akukana Kufa Bwino

Lolemba, 3 Juni

Bambo Mpata atipatsa ntchito yomaliza ya chaka. Ndi aphunzitsi athu a zojambulajambula, ndipo dzinali tinawapatsa chifukwa chilichonse ukawaonetsa amangoti, "Siyani mpata, pepala lipume." Aliyense apeze kasitomala weniweni, amukonzere chinthu chosindikiza. Kasitomalayo avomereze ndi pakamwa pake, iwo adzamuimbira foni. Wosapereka Lachisanu la sabata yamawa abwereza chaka.

Anzanga athamangira kale kumasaluni ndi kwa ogulitsa sopo. Ine wanga ndamupeza m'chipinda chakumbuyo kwathu komwe kuno: Agogo aamuna. Akufuna pulogalamu ya maliro awo. Munthu woti dzulo lomweli amathamangitsa galu wa aneba ndi ndodo.

Akuti pa maliro a mnzawo wina anthu anaika chithunzi chooneka ngati cha wakuba wongogwidwa kumene. "Ine zimenezo ayi. Ndiione ndekha ndili maso." Amayi angoti, "Inu awiri mitu yanu sikuyenda bwino," n'kutuluka.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndimati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Ndimadzinamiza.

Ndawaonetsa zilembo zowonda, zaulemu, zimene Bambo Mpata amazikonda kuposa ana awo. Agogo: "Zilembo zodwala bwanji? Akufa ndi ine kapena izo?" Akufuna zonenepa ngati zija zinkalembedwa kutsogolo kwa basi yomwe ankayendetsa, zoti nkhalamba ya pampando wakumbuyo iwerenge yosavala magalasi. Akufunanso nkhunda, mkango, ndi basi yomweyo. Ndati Agogo, iyi ndi pulogalamu, si malo osungirako nyama.

"Maliro ndi anga kapena ako, a Dizaina?"

Basi, dzina landikanirira limenelo.

Lachitatu, 5 Juni

Tsiku la chithunzi. Akuti tsitsi ndiwonjezere, makwinya ndichotse, mano ndibwezeretse. Pomaliza pa sikirini panali mnyamata woti ine ndemwe ndikanamupatsa nambala. Agogo amuyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "Ameneyu amulira ndani? Anthu adzayesa asochera maliro." Ndabweza theka la makwinya. Mano akakamira.

Lachinayi, 6 Juni

Mkango wachoka. Nkhunda yanenepa.

Loweruka, 8 Juni

Ndinapita kwa Wosindikiza kukatulutsa kope loyesera. M'kashopu mwake mukununkha inki, makina akulira ngati ali ndi chifuwa, pansi pali timizeremizere ta mapepala odulidwa. Jekete ya Agogo, imene pa sikirini ndi ya buluu, yatuluka ngati biringanya. Wosindikiza osadzutsa n'komwe mutu: "Pepani ndi zovutazi, achemwali. Koma tsiku lomwalira mwaiwala." Ndati eni ake sanasankhe. Andiyang'ana ngati ndine mfiti.

Agogo alikana. Za jekete sindikuwatsutsa. Koma akutinso kamzere kamene kali pakati pa chaka chobadwa ndi malo opanda kanthu aja n'kakafupi. "Moyo wanga wonse kamzere kameneka? Talikitsa." Ndatalikitsa. Akuti tsopano kakuoneka ngati msewu wopanda siteji.

Lolemba, 10 Juni

Bambo Mpata aona ntchito yanga, aseka mpaka kuvula magalasi. Akuti ndi yamoyo kuposa zonse za m'kalasi, bola kasitomala avomere. Aloza malo opanda kanthu aja: "Mpata wokhawo umene mwausiya bwino chilowereni pano." Mnzanga wa saluni uja anamaliza kalekale, kasitomala wake anangoti "ikani pinki" basi. Anthu ena anabadwa ndi mwayi.

Kunyumba Agogo akananso. Vuto tsopano ndi pepala. Lonyezimira likuwawalitsa chipumi, losanyezimira akuti ndi lokulungira nsomba. Mtima unandipsa. Ndawauza kuti ndikabwereza chaka chifukwa cha iwo, pa maliro enieniwo ndidzaika chithunzi cha pa laisensi yawo, chija atseka diso limodzi. Aseka, kenako chifuwa chawagwira, osafuna kuwasiya. Mbale yawo yabwerera kukhitchini yosakhudzidwa. Amayi akuti si koyamba.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndamva amayi akuuza azakhali pa foni: "Ndi chokhacho chikumawadzutsa. Kukacha amameta, kuvala malaya, n'kumadikira mwanayu abwere adzakangane naye."

Ine sindine mankhwala. Ndili ndi chaka choti ndikhoze. Komabe mawuwa sanandichoke m'mutu tsiku lonse.

Lachitatu, 12 Juni

Lero Agogo sanamete. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, laputopu pamiyendo. Chipewa chawo cha udalaivala chili pamsomali, wailesi yomanga ndi mphira ili zii, chipinda chonse mafuta opaka okhaokha. Mawu akutuluka movutikira, koma chokana achipezabe: nkhunda ikuyang'ana kumbali ngati ikuthawa maliro. Ndaitembenuza. Akuti tsopano ikufuna kuwajompha.

Kwatsala mawa lokha, kasitomala akukanabe, ndipo ine ndatuluka m'chipindamo ndikumwetulira. Mutu wanga sukuyendadi bwino.

Lachinayi, 13 Juni

Adokotala anabwera. Analankhula ndi amayi pakhonde motsitsa mawu, amayi akungogwedeza mutu. Sindinafunse.

Kope loyesera lomaliza latuluka. Jekete ya buluu weniweni, zilembo zonenepa zitakhala bwinobwino ngati anthu odziwa mipando yawo, kabasi kakang'ono pansi pa dzina. Sindidzitama, koma n'lokongola. Wosindikiza akuti ndikafika m'mawa kasitomala atavomera, pofika masana zonse zikhala zitatuluka.

Lachisanu, 14 Juni

Ndinawapatsa Agogo kopelo m'manja. Ine ndinagwirizira mbali inayo. Ndimadikira zija za masiku onse: mkango ubwerere, mano achepa, chilichonse. Anayang'ana, kuyang'ana, chala chikuyenda pang'onopang'ono pa kamzere kaja mpaka kukafika popanda kanthu.

"Zili bwino, mwana wanga. Kasindikize. Aphunzitsi akowo aimbe, ndiwauza."

Osati a Dizaina. Mwana wanga.

Mawu amene ndakhala ndikuwasaka masiku onsewa. Chikwama chinali kale paphewa, khomo lili pompo. Koma mantha anandigwira. Sindinayambe ndawaonapo Agogo atakhutira ndi kanthu, ndipo sizinawakhale n'komwe.

Ndinawalanda pepalalo n'kukaliyang'ana pawindo.

"Ayi, Agogo. Taonani nkhundayi, phiko limodzi lafupika. Dzina lanunso lapendekeka. Ine chinthu chotere sindingasindikize, anthu angadzandiseke pa maliro."

Anatsegula diso limodzi. "Lapendekeka?"

"Kwambiri. Tiyambirenso basi."

Analitsekanso disolo. Kenako: "Ndinaliona ine, ndimangokumvera chisoni. Ndiye poti tikuyambiranso, a Dizaina, mkango uja ubwerere."

Ndavula chikwama, ndatsegula laputopu. Akuti ndiwapatsire lezala ndi kagalasi, sangakangane ndi munthu ali ndi ndevu. Foni ikulira m'thumba, ndi Bambo Mpata. Ilire. Ndikusaka mkango.