Kanyumba ka ku Quelimane popanda amayi ako

Wokondedwa Tadala,

Ndikhulupirira kuti iwe, amuna ako ndi ana muli bwino ku Mangalande kumeneko. Ine kuno ku Chitawira ndiliko, kungoti bondo lija likuvutabe.

Sabata yatha ndinalimba mtima n'kupita kukatsegula kanyumba kathu katchuthi ku Quelimane, ku Mozambique, koyamba chimwalirireni amayi ako. M'mawa mwake akabaza awiri aja amene ankatinyamula anafika pageti. Ndinakwera njinga ya mmodzi, koma winayo anangoima, akupukuta mpando.

"Amayi akuvalabe? Ndiwadikira," anatero.

Nditamuuza za maliro, anavula chipewa. Kenako anatitsatira ndi njinga yopanda munthu mpaka ku tchalitchi chakale chija cha m'mbali mwa mtsinje. Nditaona mmene achikonzera, ndinatembenuka kuti ndiwaonetse amayi ako, koma kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Mawa lake ndinabwerera ku Blantyre.

Ukuti tigulitse nyumbayo. Chonde mwana wanga, usafulumire. Ubwere ndi ana pa Khirisimasi tikagonemo limodzi, ndimvenso mawu a anthu m'menemo. Zogulitsazo tidzakambirana pambuyo pake.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine bambo ako.