Thirakitala ikugona pabalaza, masofa ali pakhonde

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi nditakhala pasofa pakhonde, chifukwa pabalaza panga pali thirakitala. Musaseke chonde, banja langa likugwedezeka.

Amuna anga, bambo a Natasha, kwawo ndi ku Phalombe. Anabwera kuno ali mnyamata kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, tinakwatirana, n'kukhazikika pamudzi pathu pano pa chikamwini. Tsopano zaka zakwana 24. Ndi munthu wolimbikira, samwa, salankhulalankhula. Chaka chino titagulitsa mtedza ndi soya anapita ku Lilongwe n'kubwera ndi thirakitala yaing'ono yofiira, yogwirapo kale ntchito, yosasiyana kwenikweni ndi ngolo ya ng'ombe kukula kwake. Tsiku limenelo ndinaimba nthungululu mpaka mawu anasasa.

Poyamba inkagona panja, pansi pa mtengo wa mango. Mavuto anayamba ndi alongo anga, a Davie. Lolemba anaibwereka kukatuta njerwa. Lachitatu inapita kumaliro. Loweruka anangoitenga osapempha n'komwe, poti makiyi ankakhala pamsomali, n'kukanyamulira timu ya mpira. Inabwera nyali imodzi itasweka. Amuna anga atafunsa mwaulemu, a Davie anayankha pamaso pa anthu kuti, "Alamu, dothi limene mwaimikapo chitsulo chanuchi ndi la amayi athu. Chogona pabwalo pathu n'chathu tonse."

M'mawa mwake ndinapita kuchigayo. Pobwera ndinapeza mmisiri wagumula khoma la pabalaza, thirakitala yalowa chambuyo, masofa ali panja, ndipo khomalo akulimanganso n'kubwezera chitseko chakale chomwe chija chopitira munthu mmodzi. Nditafunsa bambo a Natasha kuti nanga izituluka bwanji, anati zimenezo tidzaona mvula ikagwa. Kenako analoza pansi n'kunena kuti, "Dothi ndi lanu, koma simenti iyi ndinagula ndine."

Aphungu, moyo wake ndi wotani uwu? Popita kuchipinda ndimayenda chammbali, kupanikizika pakati pa tayala ndi kabati. M'mawa uliwonse amailiza kwa mphindi khumi, akuti batire lisafe. Utsi umadzaza nyumba yonse, makatani anga oyera aja ada bii, ndipo mutu umandiwawa mpaka masana. Mbale yanga ya alendo aiika kunsi kwa injini kuti izilandira oilo wodontha. Matumba a mtedza wa mbewu aunjika pambali pake, akuti zonse zaulimi zizikhala pamodzi.

Lachinayi lapitali inali nthawi yanga yolandira mapemphero a mphakati. Amayi anakhala mozungulira chinthucho, wina osaona mnzake. Mayi Anasi, omwe amatsogolera, anasowa poika Baibulo, basi analiika pa boneti. Potuluka anandifunsa chonong'ona ngati afunika kutsanzikanso kwa mkazi mnzanga. Pano pachitsime ndikutchedwa mkazi wamkulu. Manyazi ake, ndimalakalaka nthaka itang'ambika.

Amuna anga ndinawauza kuti aiike m'chigafa cha fodya, poti chili chopanda kanthu kuseri kwa nyumba. Anati mitengo ya chigafacho anadula ndi a Davie. Ndinati ndiye timange shedi. Anati sangamangenso kanthu pamalo pomwe tsiku lina adzauzidwe kuti anyamule bulangete lawo. Sabata yatha mtima unandikwera, ndinalalata kuti chitsulocho chituluke mvula isananyowetse masofa anga. Ananena motsitsa mawu kuti, "Ikagona panja, ine ndikagona ku Phalombe."

M'zaka zonsezi sanatchulepo zopita kwawo, ngakhale pa mkangano waukulu. Ndili ndi mantha. Amuna anga ndimawakonda, koma balaza langa ndikulifunanso. Kodi n'zoona zomwe iwo amanena kuti thirakitala imawonongeka ikamagona panja? Kapena ndingoitana mmisiri uja tsiku lomwe iwo apite kumsika, adzapeze zatheka?

S.K., Mchinji


Mayi S.K.,

Pepani, ndaseka, makamaka pa Baibulo pa boneti paja. Koma kuseka kwanga kwatha nditafika kumapeto.

Tiyambe ndi funso lanu. Inde, thirakitala ikamagona panja imawonongeka. Dzuwa la Okutobala limang'amba matayala, mvula imabweretsa dzimbiri, madzi amalowerera mu dizilo ndi m'mawaya. Pamenepo amuna anu sakunama, chinthucho chikufunika denga. Koma denga lake si la pabalaza. Utsi wa injini m'nyumba yotseka umapha anthu, ndipo mutu ukukuwawaniwo si wa nsanje ya mkazi wamkulu. Kuyambira mawa asailizenso m'nyumbamo. Amasule batire aliike pamalo pouma, lidikire. Mbaula isayandikire. Matumba a mtedzawo achoke lero, chifukwa makoswe adzabwerera mtedza n'kutsukira mkamwa mawaya.

Za chigafa iwalani, udzu wouma ndi dizilo sizigonera pamodzi. Musaikulungenso m'pulasitiki yakuda yomangirira pansi ngati mtolo, imachita thukuta mkati ndipo dzimbiri limabwera msanga kuposa panja. Chofunika ndi shedi ya malata, yotchinga mbali yochokera mvula, pansi pake pouma, ndi geti lokiya. Muwakumbutsenso bambo a Natasha, mwaulemu wake, kuti chiyambire sindinamvepo munda wolimidwa kuchokera pabalaza. Thirakitala yomwe singatuluke ndi kabati chabe, kungoti yodula.

Tsopano ndibwere kwa inu, mayi. Mwandifotokozera za masofa, za makatani, za mbale ya alendo. Chimene simunandiuze n'chakuti inuyo munanena chiyani pomwe alongo anu ankanyoza amuna anu pagulu. Ndikukayika ngati munatsegula pakamwa. Bambowa sakubisa thirakitala ku mvula, akuibisa kwa abale anu. Munthu wakhala pamudzi zaka 24, wabereka ana, wamanga nyumba, maliro onse a kwanu wagona nawo pasiwa, koma akuuzidwabe kuti ngakhale mthunzi wa mango ndi wobwereka. Mpake kuti athawire pa simenti. Zimene achitazi n'zamisala ndithu, koma misalayo sinayambe yokha.

Ndiye pitani nokha kwa a Davie, musatume amuna anu. Mkamwini sangakangane ndi eni mudzi, koma inu mungathe, mudziwo ndi wanunso. Auzeni agule nyali anaswa ija, ndipo apepese pamaso pa anthu, poti ponyoza sanaitanire munthu pambali. Mukatero itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Wa ku Phalombe ngati ulendo wamutalikira, alankhule pafoni, muike mokweza. Amalume anu aloze malo a shedi ndi chala chawo, anene onse akumva kuti shediyo ndi zonse zogona mkatimo ndi za bambo a Natasha. Makiyi achoke pamsomali alowe m'thumba la mwini wake. Wofuna kulimiridwa azipempha, azibwera ndi dizilo wake, ndipo woyendetsa azikhala mwini thirakitala. A timu ya mpira aja ali ndi miyendo, ndiyo amadyera.

Masofa afunditseni lona pakadali pano, sabata ziwiri sangafe. A pachitsime asiyeni aseke, akadzafuna kulimiridwa adzakumbukira dzina lanu lenileni.

Koma zoitana mmisiri mobisa zija musayerekeze. Khomalo ndi lonyansa, ndikuvomera, koma panopa ndi lomwe likugwira banja lanu. Likagwa amuna anu asanamve ndi makutu awo kuti inu muli mbali yawo, thirakitalayo siidzaima pa shedi. Idzadutsa pa Boma n'kulunjika msewu wa ku Lilongwe, ulendo wa ku Phalombe, ndipo mukaiyang'anitsitse bwino mayi, ili ndi mpando umodzi wokha.