Ndinatulutsa Mwana M'chikuta pa Fesibuku

Loweruka, 3 Ogasiti

Achemwali Rahma achira! Mwana wamkazi, m'mawa uno kuchipatala. Alhamdulillah. Tsitsi bii, timasaya ngati timandasi. Nkhani yaikulu nayi: achemwali anandikokera pafupi n'kundinong'oneza kuti iwo ndi alamu a Sumani agwirizana, tsiku lopatsa dzina likafika mwanayu adzakhala Awa. Dzina langa, ine ndemwe! "Koma pakamwa pakopo utseke mpaka Lachisanu," anatero. Ndalonjeza.

Lamulungu, 4 Ogasiti

Tabwerera kwathu ku Nkope. Amayi aika malamulo ngati apolisi a pa rodibuloko: mwana ali m'chikuta, satuluka, saonedwa ndi mlendo mpaka mchombo ugwe ndipo alandire dzina. Olowa m'chipinda ndi amayi ndi ine, wochapa matewera.

Chithunzi changa cha dzana pa Fesibuku, chija ndinajambula ka 31 kuti mphuno ikhale bwino: malaiki 9. Limodzi ndi langa lomwe. Lina ndi la amalume a Atumani, amene amalaika chilichonse, ngakhale uthenga wa maliro. Celestina, mnzanga wa ku sekondale amene akugwira ntchito pa loji ku Chembe, wajambula phazi lake lokha pamchenga: 412. Phazi! Phazi la ming'alu lomwe lija ndimalidziwa ine!

Ndalira kubafa. Chimene ndimalirira kwenikweni sindikuchidziwa. Ndikaona nambala yochepa ndimamva ngati ine kulibe, ngati anthu onse ali kuphwando kwinakwake ndipo andiiwala dala.

Lolemba, 5 Ogasiti

Ndapsereza phala la achemwali. Ndimati ndingosuzumira kamodzi. Amayi akuti foni imeneyi ikanakhala mwamuna bwenzi tadya kale mpunga wa ukwati.

Masana amayi akuswali pamkeka wawo wa mapemphero, achemwali ali m'tulo, mwana anayasamula. Aaa, kukongola kwake! Ndajambula. Sindiika ayi. Ndangojambula.

Chabwino, ndaika. Mphindi khumi zokha kenako ndichotsa. Ndalemba kuti "Awa wamng'ono wafika."

Lachiwiri, 6 Ogasiti

738!!!

Sindinachotse. Ungachotse bwanji chinthu chikuyenda chonchi? Celestina walemba kuti "Kokongola bwanji!" Eya mayi, bwerani nalo phazi lanulo tione. Lero ndadya mpaka kuwonjezera, koyamba sabata yonse. Ndikuyenda pabwalo ngati mkazi wa bwana.

Ndalowa kuchimbudzi kasanu ndi kawiri kukawerenga malaiki. Amayi aganiza kuti ndatsegula m'mimba, andisungunulira madzi a mchere ndi shuga, kapu yaikulu ija. Ndamwa onse. Ndikanatani?

Lachitatu, 7 Ogasiti

Zavuta.

Apongozi a achemwali, Abiti Wadi, afika kuchokera ku Makanjira. Ngakhale madzi akana. Aima pakati pa bwalo chikwama chili pamutu:

"Mdzukulu wanga ine ndamuonera m'boti! Pa foni ya mayi wogulitsa usipa wosamudziwa n'komwe, galasi lake losweka. Akundionetsa ine kuti, 'Taonani kamwana aka amayi, akuti ndi Awa.' Ine agogo ake ndakhala ndikuwerenga masiku ngati chitsiru!"

Amayi anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinati ndichotsa pompano, ndipo ndinachotsadi, koma kuchotsa chiyani? Anthu anasunga kale. Chili pa masitetasi, chili pa gulu la Watsapu la azimayi a kumzikiti, amalume a Atumani achiika mpaka pa nkhope ya foni yawo.

Abiti Wadi anatsitsa chikwama n'kunena kuti, "Dzina layenda m'maboti ndi m'misika mwini wake asanalimve. Limenelo ndi la kaunjika tsopano. Mdzukulu wanga savala kaunjika."

Achemwali sanakalipe. Anangoti, "Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha, Awa," n'kutembenukira kukhoma. Bola akanandimenya.

Foni amayi alanda. Aimangirira pa mfundo ya chitenje m'chiuno mwawo.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Tsiku lopanda foni. Ntchafu ikunjenjemera yokha pamene imakhala foni, ndikapisa m'thumba mulibe kanthu. Ndangozindikira chala chikukwera ndi kutsika pa mbale yopanda kanthu. Mutu waa, mtima phaphapha, chakudya sichikulowa.

Amayi akuswali masana, foni ikulira m'chiuno mwawo, vuu vuu. Ine ndakhala kumbuyo kwawo ngati galu wa pabutchala. Wallahi ndinaganiza zomasula mfundoyo iwo chipumi chili pansi. Dzanja linanyamuka ndithu. Zimenezi zandiopsa. Munthu wa zaka 22 kufuna kubera mayi ake akupemphera, chifukwa cha chiyani? Ndinathawira kuseri kwa nyumba n'kukhala pansi.

Mwana walira kwambiri m'mawa. Abiti Wadi akuti ndi maso a anthu 738 amene ndamuunjikira. Amayi akuti ndi mpweya wa m'mimba. Mwana anageya n'kugona, koma aliyense akuti wapambana ndi iyeyo. Mchombo wagwa.

M'chipinda sakundilolanso. Matewera akundipatsira pakhomo ngati wodwala chifuwa chachikulu. Ndinawapeza alamu a Sumani akumanga mbuzi ya mawa, ndinawafunsa za dzina. "Tiona mawa, mlamu," anatero, maso ali pa chingwe.

Ndikulifuna dzinali. Sindinadziwe kuti ndikulifuna chonchi.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Anthu atachoka ku mapemphero a Ijuma anadzaza bwalo. Shehe anabwera, mwana anatulutsidwa, anamumeta tsitsi lija. Ine ndinaima kuseri kwa chitseko ndi beseni la madzi osambitsa m'manja. Shehe anafunsa dzina. Ndinatsinzina.

"Tatu," anatero alamu.

Dzina la malemu agogo awo, amene anabereka Abiti Wadi. Azimayi nthungululu. Ndiye amalume a Atumani akubwera kudzasamba m'manja, mokweza anthu onse akumva: "Kodi si Awa? Inetu ndinalaika Awa!" Madzi ndinawathira mpaka m'zigongono.

Alendo atayamba kudya, amayi anamasula mfundo n'kundipatsa foni. Mauthenga 64. Ndisanatsegule ndi umodzi womwe, achemwali anandiitana m'chipinda, mawu oyamba chiyambire Lachitatu.

"Iwe, tamugwira ndikasambe. Ndi manja onse awiri."

Foni ndinaisiya pazenera. Mwana ndi wopepuka, kamutu kometa kofunda, akununkhira mkaka. Foni inalira kawiri. Iye anatsegula diso limodzi ngati akufunsa kuti ndiwe yani. Ndinawerama n'kumuuza pansipansi:

"Tatu. Ine ndine Awa, mayi ako aang'ono. Pepa."

Anandikodzera pa diresi langa la Idi, ndipo sindinasunthe mpaka achemwali anabwera.