Dzina Limene Ndinapereka ku Khonsolo

Wokondedwa mwana wanga Perlita,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ku Hong Kong, ndipo mabwana ako sakukuvutitsa. Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo amandikana m'mawa. Ana ako, Liezel ndi Maricar, ali bwino. Mlongo wako Efren ndi mkazi wake akupereka moni. Mvula yagwa mokwanira, mpunga wamera bwino.

Woyankhula ndine, akulemba ndi mayi achikulire aja, Manang Socorro, ndipo ndawauza kuti asakometse mawu anga. Sindinafune foni chifukwa pafoni umandidula pakamwa. Kalatayi akupatsa msuweni wako Nenita akafika Lolemba.

Tsopano ndili m'komiti ya mtendere ya mudzi uno, ndikuyimira okalamba. Ine amene sukulu ndinaisiyira panjira ndimakhala tebulo limodzi ndi Kapitani wa mudzi ndi mkulu wa apolisi. Mwezi watha anatitengera ku likulu, ku msonkhano wa khonsolo ya mtendere ndi chitetezo ya chigawo chonse. Kunali abwanamkubwa, ameya, akulu a asilikali ndi ansembe. Ndinavala malaya oyera aja unanditumizira, ndipo bwanamkubwa wina anandigwira chanza ndi manja awiri.

Anatifotokozera ntchito yawo. Amalandira malipoti a mizinda yonse, amakonza dongosolo la chitetezo, ndipo amatumiza anthu kukaona ngati zolembedwazo ndi zoona. Ndiwo amalengeza kuti mudzi wayera, sukudyetsanso zigawenga za kuphiri. Mudzi ukayera, msewu umabwera, madzi a m'mipope amabwera. Amayi ako anafera panjira tikuwanyamula pamachira m'matope. Msewu umenewo ndikuufuna ndisanafe.

Tikubwerera, Kapitani anandikokera pambali. Anati lipoti lathu silingalemere popanda munthu woyimirira pamaso pa nthumwi za khonsolo, kuvomera kuti ankathandiza a kuphiri ndi kulumbira kuti wasiya. Anati ngakhale nkhuku za m'mudzi muno zimadziwa kuti mpunga unkakwera kuphiri kuchokera pakhomo panga, pa Sumagaysay. Kenako anaseka, nati ndisamuyang'ane ngati njati yaona galimoto, iye akungofuna dzina limodzi la pakhomo panga.

Ndinapereka la Rodel, mwamuna wako.

Usafulumire kung'amba pepala. Ndikudziwa kuti amene ankasenza matumba a mpunga aja ndi Efren, ndipo womutuma ndinali ine, kuopa kuti a kuphiri angatiwotchere shedi ya kokonati. Rodel sanakwerepo phiri limenelo ngakhale kukatola nkhuni. Ulesi wake unamuteteza. Koma dzina likalowa m'buku la khonsolo silituluka msanga, ndipo mwana wamkulu wa Efren akufunsira ntchito yaupolisi chaka chino. Efren ndi magazi anga, ndiye adzasenze bokosi langa. Rodel tinangomupeza panjira, unabwera naye ndiwe.

Unganene kuti nanga ana ako, poti anyamula dzina la bambo wawo. Ndi atsikana, adzakwatiwa, dzinalo adzalivula ngati diresi.

Lamulungu lapitali tikuchokera ku Misa, Rodel anabwera kwanga, anandipeza ndikudya nsomba zouma. Anayima pakhomo chipewa chili m'manja, nandifunsa kuti Tatay, bambo anga, ndinakulakwirani chiyani. Ndinamuuza kuti akhale pansi, pakhomo panga munthu sayankhula atayimirira ngati mtengo wa magetsi. Anati nkhani yamveka kale kumsika, anthu sakukweranso njinga yake yamoto. Anati mayi wa pagolosale anaseka Maricar kuti kodi lero wapereka kale chakudya kuphiri. Anatinso anthu awiri osawadziwa anayima pageti panu masana, kuyang'ana nyumba osanena kanthu, kenako n'kupita.

Ndinamuyankha kuti mwamuna wosamalidwa ndi mkazi zaka zisanu ndi zinayi ayenera kuthokoza kuti wapezeka ndi ntchito. Ntchito yake ndi yochepa: kuyimirira, kukweza dzanja, kusaina. Ndinamutulutsiranso gogodela wanga wakale uja kuti akapereke, chifukwa wobwerera chimanjamanja samukhulupirira. Ndinamuuza kuti akamupatsa thumba la mpunga ndi ana a nkhumba oti aziweta, zinthu zimene sanazipezepo ndi thukuta lake.

Mfutiyo anaiika pansi pang'onopang'ono. Anati nthumwi zikadzafika pa 20 mwezi uno, adzayimirira ndithu, koma adzanena zonse: amene ankasenza ndi amene ankatuma. Anati paja ntchito yawo ndi kufufuza zoona, ndiye adzawathandiza. Efren anali pakhonde, anamva. Anamuuza kuti bayaw, mlamu wanga, usaiwale kuti ukugona pa nthaka ya eni. Rodel anati sanaiwalepo tsiku ndi limodzi lomwe, timamukumbutsa m'mawa uliwonse.

Apa Manang Socorro anaika cholembera pansi n'kunena kuti Mulungu akuona. Ndawauza kuti Mulungu anaonanso matope aja, alembe.

Anthu a khonsolowa si ana. Akadzamva mawu awiri osiyana pakhomo limodzi, adzabweza lipoti lonse. Msewu udzapita ku mudzi wa tsidya, dzina la Efren lidzalowa m'buku, ndipo ine adzandichotsa pampando pamaso pa anthu. Pa msinkhu wanga sindingayende mutu uli pansi chifukwa cha mkamwini.

Ndiye pempho langa ndi ili, mwana wanga. Sindinakupemphepo kanthu chibadwire. Umuimbire mwamuna wako, umuuze asaine. Iwe amakumvera, pajatu ndiwe umamudyetsa.

Akakana, udziwe chinthu chimodzi. Nyumba yako ya njerwa ija, imene wamanga ndi manja otupa ndi sopo wa anthu ena, yakhala pa malo anga, ndipo pepala la malowo lili m'dzina langa. Tsiku limene Rodel adzatchule Efren, ndidzaika loko pachitseko n'kupereka makiyi kwa mlongo wako. Ana ndawatenga kale, akugona kwanga kuyambira Lachitatu. Ndinawauza kuti kwa bambo wawo sikulinso kotetezeka, ndipo pamenepo sindinaname.

Ukhoza kundida. Ndinakulera ndi mpunga womwe uja, sunafunse kuti wotsala ukupita kuti. Ukadzakalamba udzaona kuti pakhomo pamafunika munthu mmodzi wolimba mtima wosankha chala choti chidulidwe.

Upereke moni kwa Nenita ndi kwa anzako a kutchalitchi. Ndimakupempherera kwa Mayi Maria kuti akupatse mphamvu ndi thanzi, uzivala zofunda poti akuti kumeneko kwayamba kuzizira. Mulungu akudalitse ndi kukusunga.

Ukamamuimbira Rodel usalire. Mwamuna akamva mkazi wake akulira amayamba kudziona ngati munthu.

Ndine bambo ako wokukonda,
Policarpio Sumagaysay