Buku Limene Mlamu Wanu Sanalimalize

Lachiwiri, 14 Juni

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndaiwerenga katatu. Ndiyankha zimene mwapempha, koma mundilole ndiyambe ndi tsiku lina limene sindinakusimbireni, poti pamaliro panalibe mpata.

Linali Loweruka. Mlamu wanu anachapa makatani a pabalaza, ine ndikukonza mwendo wa mpando umene unkagwedera. Atayanika, anakhala pawindo ndi buku latsopano la mlembi ankamukonda uja, magalasi pamphuno, pensulo kukhutu. Mukudziwa kawerengedwe kake. Akagwirizana ndi mlembi ankachonga m'mbali, akakana ankalemba yankho lake pomwepo ngati munthuyo amva.

"A Chete," anandiitana ndi dzina limene anandipatsa tikadali pachibwenzi, "mnzanga uyu mutu wayamba kumuvuta."

"Walakwanji lero?"

"Akuti munthu akakwanitsa zaka sikisite ayambe kulongedza. Alongedze yekha! Ine nsapato zanga zatsopano sindinazipondetse n'komwe pansi."

"Mulembereni kalata."

"Ndimalize kaye bukuli, ndimutsuke bwinobwino."

Masana tinamwa tiyi, n'kukangana za amene anasiya babu la kukhitchini likuyaka. Basi. Lamulungu m'mawa anagwa akupesa tsitsi, pofika Lolemba kunalibenso munthu. Anali ndi zaka 59. Pamaliro paja wina anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Limbani mtima, mayiwa anakula, zidzukulu anaziona." Ndinangoti zikomo.

Papita miyezi isanu ndi itatu. Ndiye mwezi wathawu, monga munamva, mlembi uja anadzipha. Anali ndi zaka 64, kundiposa ine ndi chaka chimodzi chokha.

Achemwali, zimene makutu anga amva m'masabata amenewa! Pawailesi anaitana bambo wina wophunzira kwambiri, amene ananena ndi mawu osalala kuti malemuwo anali atamaliza zawo zonse, ndipo nkhalamba yanzeru imadziwa nthawi yotsanzika. Amene ankamufunsayo anangoti, "Zoonadi." Kuntchito kwathu kosindikiza mabuku kuja, mnzanga wa pamakina a inki anati, "Komabe mdala uja anadyako, sikisite folo si masewera." Mayi wolandira alendo anati munthuyo ali kumoto, ndipo anazinena akudzola mafuta m'manja. Abwana anangodandaula kuti ntchito yosindikizanso mabuku ake ipita kwa ena. M'basi namonso ndi zomwezo, aliyense woweruza.

Palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamumva akunena kuti munthu uja chinkamupweteka chinachake. Akanakhala wa zaka makumi atatu bwenzi akufunsa kuti chinamuzunza n'chiyani, nanga anzake anali kuti. Koma poti tsitsi linali loyera, akuti anamaliza. Anamaliza chiyani? Malire amenewa anaika ndani, ndipo anafunsa yani? Inuyo muli ndi zaka 71, ndipo sitolo yanu mumatsekula nokha m'mawa uliwonse. Wina atabwera kudzakuuzani kuti mwamaliza, si mungamuthamangitse ndi tsache?

Zonsezo ndikanazimeza monga ndimachitira. Koma zinandilowera m'nyumba.

Tsiku lina pobwera kuntchito ndinapeza kuti mwana wanu namwinoyu, mwana wanga wamkazi uja, anabwera ndi kiyi wake. Lumo langa lometera palibe. Mipeni ya kukhitchini palibe, moti buledi ndinkachita kunyema ndi manja. Pashelefu ya mayi ake panali mpata ngati m'kamwa mwa mwana woguluka mano: mabuku onse khumi ndi limodzi a mlembi uja anawatenga, ngati kuti imfa imapatsirana kudzera m'mapepala. Lija sanalimalize lija linali m'gulu lomwelo.

Sizinathere pomwepo. Lolemba abwana anandiitanira mu ofesi.

"Madala, kuyambira lero muzipinda maenvulopu. Mupumuleko."

"Ndalakwitsa ntchito ya yani?"

"Ayi, palibe. Koma mwana wanu anabwera. Mukudziwanso zimene zachitikazi, anthu a msinkhu wanu..."

Sanamalize. Zaka 31 ndakhala pamakina odulira mapepala, mpeni wake wautali kuposa mkono wanga, ndipo zala zanga zikadali khumi. Ndinapita kukakhala pakona n'kumapinda maenvulopu, ndikuonerera munthu wina akudula mabuku mokhota.

Kenako yafika kalata yanu, yoti ndisiye ntchito, ndigawe katundu, ndibwere ndidzakhale m'chipinda cha kuseri kwa sitolo, ndidzapume. Ndinadziwa kuti mwakhala mukuimbirana foni ndi mwanayu. Sindikukana kuti n'chikondi. Koma nonse munakhala pansi n'kugamula za ine, osandifunsa funso limodzi lokha lakuti, "Mumtimamo muli bwanji?"

Mukanandifunsa ndikanakuuzani, ndipo lero ndikuuzani ngakhale simunafunse. Maganizo amene mukuwaopawo anandifikiradi. Sanabwere ndi mlembi uja ayi, anabwera kale, mwezi wachitatu chimwalirire mlamu wanu. Linali Lamulungu masana. Ndinapezeka nditathira tiyi m'makapu awiri, ndipo ndinakhala pampando ndinakonza uja mpaka tiyi yense anazizira. Zimene ndinaganiza pamenepo sindizilemba. M'mawa mwake ndinapita kuchipatala, ndipo anandionetsa kwa mayi wina amene ntchito yake ndi kumvetsera anthu onga ine. Ndimapitako Lachinayi lililonse mpaka lero. Kuntchito ndinkati ndikukaonetsa maso. Ndinakubisirani chifukwa cha manyazi, ndipo pamenepo ndinalakwa.

Koma mumve ichi. Chimene chinandigwira dzanja masiku amenewo ndi makina aja. Mpeni umene uja sufuna munthu wa mitima iwiri. Ukaima pamenepo umaganiza za mzere ndi pepala basi, ndipo tsiku limatha. Envulopu imapindika yokha, mutu n'kumapita kumene ukufuna. Ndiye pofuna kunditeteza, anandichotsa pamalo pamene ndinali wotetezeka.

Loweruka lapitali ndinapita kwa mwana wanuyo. Ndinamupeza akusita yunifolomu.

"Ndabwerera mabuku a amayi ako."

"Ababa, mabuku amenewo si abwino kwa inu panopa."

"Unawawerenga?"

"Ayi, koma mwini wake mwaona zimene wachita."

"Ndiye wosoka malaya akamwalira, tizivula malaya?"

Anaika simbi pansi, misozi ili mbwe. "Amayi apita ndikuona, ine namwino wathunthu. Mukufuna ndikwirirenso inu? Simulankhula, ababa! Ndidziwa bwanji zimene zili m'mutu mwanu?"

Pamenepo mkwiyo wanga unachepa, chifukwa mwanayo sananame. Ndinakhala pansi n'kumuuza zonse, za makapu awiri ndi za Lachinayi. Ndinati, "Mwananga, ukandilanda ntchito, mabuku ndi nyumba, udzakhala ukusunga chiyani? Funsa ine, usafunse zaka zanga."

Anakatenga katoni ya mabukuwo pansi pa bedi. Buku lomaliza lija linali pamwamba, tikiti ya basi ikadali pa tsamba 212. Tinatsekula limodzi. Pambali pa mawu a kulongedza aja, mayi ake analemba ndi pensulo kuti: "Bodza. Ine ndili ndi nsapato zoti ndithe. Iwenso khala pansi ulembe lina."

Mwanayo anaseka akulira, ine n'kumayang'ana kudenga. Ndakhala ndikudzifunsa kuti kalata ija ikanalembedwa n'kumufika munthu uja, kaya zikanasintha kanthu. Sindikudziwa. Koma ndikudziwa kuti mwa onse amene alankhula za iye, ndi mlamu wanu yekha amene anamuuza kuti asapite.

Dzulo mwana wanu anandiperekeza kwa abwana, n'kukabweza yekha mawu ake. Ndabwerera pamakina anga. Mipeni anabweza, lumo akuti anaiwala kumene analiika, ndiye mukadzandiona ndi ndevu musadabwe. Tapangana kuti Lachinayi ndikachoka kuchipatala ndizidzera kwawo, ndipo akandifunsa ndiziyankha zoona.

Choncho, achemwali, sindibwera kudzakhala. Ndidzabwera kudzacheza ndikatenga tchuthi, ndi tikiti yobwerera m'thumba.

Munafunsanso za katundu wa mlamu wanu. Ndagawa sabata ino, ndekha, popanda wondikakamiza. Madilesi ndi zikwama ndapereka kwa ang'ono ake. Mabuku khumi ndakasiya kulaibulale. Woyang'anira kumeneko atatsekula limodzi anatenga labala kuti afufute, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinakweza mawu pamalo oletsa phokoso. Wavomera kuti akhala momwemo. Magalasi, pensulo ndi buku lomaliza lija ndasunga. Magalasiwo akundikwana. Ndafika pa tsamba 230, ndipo ndayamba kulembamo nanenso, pena kumuyankha mlembi, pena kumuyankha iye.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Muwauze kuti malume awo akudya, akugona, ndipo mawa alawirira kuntchito. Inu musasiye kundilembera, koma muzifunsa ine mwini wake.

Pamodzi ndi kalatayi mulandira kaphukusi. Ndi nsapato zija. Inu ndi mlamu wanu munkavala saizi imodzi. Chonde musaziike m'kabati kudikira tsiku lalikulu. Muzivale popita kusitolo, pamvula ndi padzuwa, ndipo zikadzatha mudzandilembere.

Ine mlongo wanu,
amene mlamu wanu ankamutcha a Chete