Waya Wofiira Kuseri kwa Bodi

Lolemba, pa 3 Juni

Mabodi afika. Makumi anayi, m'katoni imodzi, obiriwira, akadali ndi fungo la kufakitale.

M'mawa amayi andifunsanso kuti kodi kuntchitoko ndimapanga chiyani kwenikweni. Zaka zisanu, funso lomweli. Ndawauza kuti kaubongo ka loboti timachita kugula, kokwana m'chikhatho. Pakokha n'kopanda ntchito: kalibe maso, kalibe miyendo, sikadziwa kochokera magetsi. Ine ndimajambula bodi yokhazikapo kaubongoko, yokamwetsa magetsi, yokalumikiza ku makamera ndi ku mamota. Iwo: “Ndiye kuti ndiwe mlezi wa mwana wa eni.” Sanalakwitse.

Bodi imeneyi ndi ya tingolo toyenda tokha, tonyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu. Makamera anayi. Poyamba anali atatu. Yachinayi abwana anaiganiza ine nditamaliza kale kujambula. Ndinachita kupanikiza zinthu kuti ilowe.

Amagalasi ayamba kale kuwotcherera zolumikizira. Ndi madala a pabenchi ya pawindo, anayamba ntchitoyi ine ndisanabadwe. Amavala magalasi awiri, ena pamwamba pa anzake, n'kumene kunachokera dzinalo. Akanyamula kapu ya tiyi dzanja limanjenjemera. Akagwira chowotcherera limangoti zii. Sindimvetsa.

Lachitatu, pa 5 Juni

Tinapita kukayesa. Chinyumba chachitali, mashelefu mpaka kudenga, simenti yosalala ya mizere yachikasu. Tingolo tisanu. Tikuyenda, tikukhota, munthu akadutsa tikuima.

Mayi wina wa kumeneko, wovala chipewa choluka, ankaima dala kutsogolo kwa kangolo kuti aone ngati kamulemekeze. Kankaima. Iye n'kuseka, n'kukauza kuti, “Dutsani, achimwene.”

Abwana akondwa. Pobwerera anagulira aliyense chakumwa chozizira.

Kunyumba mpopi wa kubafa ukudonthabe. Mwamuna wanga akuti Loweruka.

Lachisanu, pa 7 Juni

Foni inalira tiyi asanawire. Kangolo kamodzi kachita khungu. Kanali katasenza katundu wolemera, kanamanga mabuleki mwadzidzidzi, kaubongo n'kuzima. Mamota anamasuka, kangolo kanapitirira, kukagunda shelefu. Makatoni agwera munthu. Mayi wa chipewa uja. Phewa laguluka. Akuti kuchipatala atuluka lero lomwe.

Tingolo tonse atiimitsa.

Kogundako anabwera nako masana. Abwana anatsegula, anayang'ana bodi ndi maso okha, osakwana mphindi. “Ndi mtovu wowotcherera uwu. Manja aja anatha.” Pamaso pa aliyense. Amagalasi anavula magalasi apamwamba, kupukuta ndi malaya, kuvalanso. 

Ine sindinawaikire kumbuyo. Panthawiyo ndinalibe chonena, zimenezo n'zoona.

Loweruka, pa 8 Juni

Ndinalowa ndekha m'mawa. Bodi patebulo, mota, batire, mita yoyezera magetsi. Ndinalemetsa mota ngati yasenza katundu, n'kumanga mabuleki. Magetsi opita ku kaubongo anagwa, kuphethira kwa diso kokha, kaubongo n'kuzima. Ndinasintha bodi. Chimodzimodzi. Yachitatu, yachinayi. Zonse, bola katundu alemere.

Mtovu wa Amagalasi ndinauika pagalasi lokuza. Wosalala, wonyezimira. Palibe mng'alu ngakhale umodzi.

Vuto ndi kanjira ka mkuwa ka pabodi, kopititsa magetsi ku kaubongo. N'kopyapyala. Ndinakachepetsa ndine, kuti kamera yachinayi ipeze malo. Tsiku lake ndikulikumbukira, kunkagwa mvula. Ndinawerengera, ndinaona kuti zili m'malire penipeni, ndinati zidutsa.

Ndinazimitsa zonse, ndinakhoma. Pobwera ndinagula anyezi ndi sopo.

Mpopi sanakonze.

Lamulungu, pa 9 Juni

Ndamuuza mwamuna wanga tikuyanika zovala. Anamvetsera mpaka kumapeto, chopanira zovala chili pakamwa. Kenako: “Wakufunsa ndani?”

Akuti madalawo akanapuma ndithu chaka chino kapena chamawa. Akuti ine ndili ndi amayi m'nyumba, ndi mwendo wawo uja, ndi mankhwala awo. Ndikonze mwakachetechete, zidutse.

Si munthu woipa. Wangowerengera mmene ndinawerengera ine kanjira kaja.

Lachiwiri, pa 11 Juni

Amagalasi awachotsa pabenchi. Ali kuchipinda cha kuseri, akumata timapepala pamakatoni. Mwezi ukatha apume.

Benchi yawo anaisiya yoyera. Mapulayala atatu pamzere, chowotcherera chokulungidwa chingwe bwinobwino, kansalu kopukutira kopindidwa kanayi. Palibe amene wakhalapo.

Ine ndikujambula bodi yatsopano. Kanjira ndakakulitsa katatu, kamera yachinayi ndaisunthira m'mphepete. Zatheka m'maola awiri. Maola awiri okha. Pamwamba ndalemba kuti “zokonza zing'onozing'ono”.

Tinakumana pampopi wosambira m'manja. Anandisiyira kuti ndiyambe ndine.

Lachinayi, pa 13 Juni

Nthawi ya nkhomaliro, anthu atatuluka, Amagalasi anabwera pa desiki yanga. Anaika bodi motembenuza. Kuseri kwake waya wofiira, wonenepa, kuchokera polowera magetsi kukafika pa kaubongo. Kutsata kanjira kaja ndendende.

“Iyi muyese, amayi injiniya.”

Ndinafunsa kuti anadziwa liti. Akuti tsiku loyamba lomwe lija, atayatsa bodi yoyamba. Anakhudza ndi chala, panali pofunda. Nanga osanena bwanji? “Ndinati mwina ndi mmene mumafunira. Ophunzira ndinu.”

Ndinafunsa za Lachisanu lija, abwana akuwanena pagulu.  “Ndimati muyankhula ndinu. Munthu savulidwa pagulu.”

Anabwerera ku makatoni awo.

Ndinaiyesa. Mabuleki kamakumi awiri, katundu wolemera kuposa wa tsiku la ngozi. Kaubongo osaphethira n'komwe.

Nkhomaliro yanga ndabwerera nayo kunyumba.

Lachisanu, pa 14 Juni

Sindinanene. Abwana anali ndi alendo.

Anachoka isanakwane leveni koloko alendowo.

Lolemba, pa 17 Juni

Ndanena.

Chitseko chotseka, mabodi awiri patebulo, ya waya ndi yopanda waya. Ndinafotokoza zonse, kuyambira tsiku la mvula lija. Mawu anga ankamveka ngati ndikuwerenga malangizo a makina. Abwana ankangozunguza cholembera. Ndinkayembekeza kuti akalipa. Ayi.

“Zachitika, zachitika. Waya ameneyu aikidwe pa onse makumi anayi.”

Ndinafunsa kuti aike ndani. “Madala aja, asanapite.”

Ndinati nanga akupitiranji, poti mlandu si wawo. Akuti kalata inapita kale kwa eni tingolo sabata yatha: mtovu woipa, wantchito mmodzi, wachotsedwa. Akawauza tsopano kuti ndi kajambulidwe, abweza zonse, ndipo ife titseka. “Wowotcherera ndimupeza mawa. Inu sindingakupezeni.” Ananena ngati akundiyamikira.

Pali lipoti lotsatira kalatayo. Masamba awiri, mawu omwewo. Likufunika dzina la injiniya pansi pake. Pofika Lachinayi.

Mwamuna wanga akuti basi, mbali yanga ndachita, mtima ukhale pansi. Mpopi wakonza lero. Bafa langoti zii.

Lachitatu, pa 19 Juni

Amagalasi abwerera pabenchi. Mawaya ofiira adula ofanana, awandandalika ngati machesi. Pofika masana anali atamaliza mabodi makumi awiri ndi asanu ndi imodzi. Akung'ung'udza kanyimbo.

Ndinaima pambali pawo, n'kunena kuti abwana ndawauza. “Ndinamva. Zitseko za muno n'zopyapyala.” Ndiye anandithokoza. Anaika chowotcherera pansi, n'kundithokoza mwaulemu wonse. Bola akanandilalatira.

Ndinafunsa kuti akapuma azikatani. Akuti mkamwini wawo ali ndi kashopu ka mafoni, mwina awapatsa kangodya. Mwina. Akuti maso akadalipo, anayi onse.

Kenako, osadzutsa mutu: “Nanga mayi uja wa phewa ali bwanji?”

Sindikudziwa. Masiku khumi ndi awiri, sindinafunse ngakhale kamodzi. Dzina lake sindilidziwa. Iye akudziwa kuti anavulazidwa ndi nkhalamba ya manja onjenjemera, poti ndi zimene anawauza kumeneko.

Lipoti lili m'chikwama. Ndaliwerenga m'basi. Lalembedwa bwino, palibe chilembo cholakwika.

Amayi aona kuti chakudya ndangochigwiragwira. Nkhani sakuidziwa, ndipo sanafunse. Angoti, “Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko,” n'kupempha kuti ndiwakwezere mwendo papilo.

Lachinayi, pa 20 Juni

Sindinatsike pasiteji ya kuntchito. Kondakitala anachita kundiyang'ana.

Ndikulemba ndili pampando wapulasitiki, panja pa ofesi ya mkulu wa nyumba yosungira katundu ija. M'chikwama mabodi awiri, ndi lipoti losasainidwa. Foni yalira kanayi, abwana. Kamodzi, mwamuna wanga. Ndaitembenuza.

Tikhoza kutseka, abwana sananame. Anthu khumi ndi mmodzi, ena ndi ana aang'ono. Amagalasi mwina sabwerera pabenchi ngakhale zitatha bwanji. Ine ntchito ya mtundu uwu mwina sindidzaipezanso, nkhani zotere zimayenda. Palibe mbali imene zikutuluka bwino.

Pagalasi ndikuona tingolo tinayi m'mbali mwa khoma, tofunditsidwa pulasitiki. Anthu akukankha makatoni ndi manja.

Mlembi wa pakhomo, mayi wa ndolo zazikulu, anandifunsa kuti ndachokera kuti. Ndinamuuza. Anati, “Oo, mwabwera kudzakonza?”

Ndinati ayi, ndabwera kudzanena amene anawononga.

Anasiya kulemba. “Si madala aja?”

Ndinati ayi.

Walowa kukanena. Akuchedwa. M'katimo mpando wakwekwereza, wina akubwera kuchitseko. Akuti ndilowe.